Mzinda wa Quito si wouona mothamanga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene inatuluka posachedwapa pa tsamba lanu la maulendo, yofotokoza za Quito, likulu la dziko la Ecuador ku South America. Ndikuyamikira kuti nyuzipepala yathu yayamba kutiuza za maiko amene sitimva kawirikawiri, ndipo zithunzi zimene munasindikiza zinali zokongola. Chimene chandikakamiza kulemba ndi ndondomeko ya ulendo imene mlembi wa nkhaniyo anapereka, yoti mlendo akangofika akwere tingolo toyenda pachingwe topita pamwamba pa phiri la Pichincha, mawa lake akajambulitse pa chipilala cha pa ikweta, kenaka akwere ndege ya ku zilumba za Galápagos. Ine ndinafikako kumzinda umenewu monga mlendo wodzaona malo, ndipo ndikunena mosapita m'mbali kuti ndondomeko yotereyi ingathe kudwalitsa munthu, komanso imamumana zinthu zenizeni zimene zimachititsa kuti ulendo wautali ndi wodula chonchi ukhale waphindu.

Nkhaniyo inatchula kukwera kwa malowa ngati kanthu kongodabwitsa nako owerenga, pamene kukwerako ndiko kuyenera kulamulira zonse zimene mlendo achita m'masiku ake oyamba. Mzinda wa Quito uli m'chigwa chopapatiza cha m'mapiri a Andes, pa mamita pafupifupi 2,850 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, choncho anthu a ku Quito amagona, amaphika, amapita kusukulu ndi kuntchito pamalo amene angotsala mamita pafupifupi 150 kuti alingane ndi pamwamba penipeni pa dziko lathu. Mzinda wa Bogotá, likulu la Colombia, uli pansiko pang'ono, pa mamita pafupifupi 2,600, ndipo wa La Paz, kumene kumakhala boma la Bolivia, uli pa mamita pafupifupi 3,600, moti zimene ndinene panozi zikukhudza mizinda yonse itatu.

Mpweya wa kumtunda koteroko uli ndi okosijeni magawo 21 pa 100 aliwonse monga kwina kulikonse, koma ndi wopyapyala chifukwa mpweya woupondereza kuchokera pamwamba ndi wochepa. Munthu akakoka mpweya kamodzi ku Quito amapeza okosijeni wongokwana magawo pafupifupi 70 pa 100 a amene akanapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limadziwa chochita: limayamba kupuma mofulumira, mtima umathamanga, ndipo impso zimatulutsa mkodzo wambiri pokonza magazi kuti munthu apitirize kupuma mozama ngakhale ali m'tulo. Koma ntchito imeneyi imafuna tsiku limodzi, awiri kapena atatu, ndipo kulimba mtima sikungaifupikitse. Pamene thupi likuzolowera, ambiri amamva mutu, nseru, chizungulire ndi kufooka, chakudya sichikoma, ndipo tulo sitibwera. Eni dziko amati munthu wagwidwa ndi soroche. Chimene chimapusitsa alendo n'chakuti zizindikirozi sizibwera nthawi yomweyo, zimayamba pakapita maola 6 mpaka 12 chifikireni. Komanso bwalo la ndege la Mariscal Sucre, limene linasamukira ku Tababela mu 2013, lili pansi kuposa mzindawo, pa mamita pafupifupi 2,400. Munthu amatsika ndege ali bwinobwino, n'kuganiza kuti zonse anamvazo zinali zongoopseza, osadziwa kuti mutu ukumudikira usiku.

Vutoli silisankha kuti uyu ndi wamasewera, uyu ndi nkhalamba, ndipo achinyamata amphamvu amagwa nalo kawirikawiri chifukwa safuna kuchepetsa liwiro. Koma pali gulu limodzi limene ndikupempha kuti olemba athu azilikumbukira akamalemba za mizinda ya kumapiri, nalo ndi la anthu amene ali ndi matenda a sickle cell, omwe ndi ofala pakati pa ife anthu a mu Africa. Okosijeni akachepa, maselo ofiira a magazi awo amapindika n'kutseka timitsempha, ndipo zimenezi zingathe kufika poika moyo pachiswe. Ngakhale amene anangotengera chibadwachi kwa kholo limodzi, omwe sadwala ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nacho, nthawi zina kapamba amawavuta mwadzidzidzi akakwera kumtunda kotere. Nkhani zambiri za maulendo zimalembedwera Azungu, n'chifukwa chake mfundoyi imasowamo, koma nyuzipepala ya Chichewa siyenera kuisiya. Anthu amenewa, pamodzi ndi odwala mtima kapena mapapo ndiponso amayi oyembekezera, aonane ndi dokotala asanagule tikiti. Dokotala yemweyo ndi amene angaone ngati munthu akuyenera kumwa mankhwala a acetazolamide, amene amathandiza thupi kuzolowera msanga akayambidwa ulendo usanachitike.

Tsopano taganizani munthu amene wakhala m'ndege usana ndi usiku, wadzera ku Amsterdam, ku Madrid kapena ku Bogotá, sanagone mokwanira ndipo m'thupi mwake madzi achepa, kenaka akuuzidwa kuti akwere TelefériQo tsiku lomwelo. Tingolo timeneti, timene tinayamba kuyenda mu 2005, timanyamula munthu kuchokera m'mphepete mwa mzinda pa mamita pafupifupi 3,100 n'kukamutula ku Cruz Loma, pa mamita pafupifupi 4,000, pasanathe theka la ola. Kumeneko okosijeni wa pa kupuma kumodzi watsika kufika cha m'ma 60 pa 100. Ndili pamwambapo ndinaona bambo wina wa m'gulu la alendo atakhala pansi pa udzu, mutu uli pakati pa mawondo, milomo itachita bii, ndipo pa chikwama chake panali pakadali kapepala kamene amamangirira pa katundu kubwalo la ndege. Akazi ake anali kuwapatsa madzi amene sankatha kumeza chifukwa cha nseru, pamene wotsogolera gululo ankaitana ena onse kuti afulumire kukajambulitsa pa katungwe wotchuka amene ali m'mphepete mwa phirilo. Bamboyo sanadzutse mutu mpaka pamene anawatsitsa. Malo omwewo, munthu akakwera thupi litazolowera, m'mawa mitambo isanasonkhane, amaona mzinda wonse utatambalala m'munsi, wotalika makilomita oposa 40 koma wowonda, ndipo kukayera bwino amaonanso mapiri a chipale chofewa a Cotopaxi, Cayambe ndi Antisana.

Chimodzimodzinso ndi maulendo a tsiku limodzi opita ku Cotopaxi, phiri lophulika la mamita 5,897 limene lili makilomita pafupifupi 50 kumwera kwa mzindawu. Galimoto imakafika pa mamita pafupifupi 4,500, ndipo alendo amayenda pansi kukafika pa nyumba yopumulirako okwera mapiri imene ili pa mamita oposa 4,800. Ulendo umenewu ndi wosaiwalika, koma ndi woyenera kuusungira kumapeto. Zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti kuche ndi izi: munthu akamachita wefuwefu ali chikhalire, akamatsokomola makhololo a thovu, akamadzandira ngati woledzera, kapena akamalankhula zosokonekera. Pamenepo ndiye kuti m'mapapo mwalowa madzi kapena ubongo wayamba kutupa, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kutsika msanga kupita kumalo otsika n'kuthamangira kuchipatala. Nambala ya thandizo la mwadzidzidzi ku Ecuador ndi 911.

Ena anganene kuti masiku awiri oyamba, odikira kuti thupi lizolowere, ndiye kuti atayika. Sanatayike ayi, pakuti chuma chachikulu cha Quito chili m'katikati mwa mzinda wakale, kumene munthu amafunika kuyenda pang'onopang'ono, kukhala pansi kawirikawiri ndi kumwa madzi ambiri, zomwenso ndi zimene thupi likupempha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yanu inangoupatsa mzinda wakalewu chiganizo chimodzi, chonsecho mu 1978, pamene bungwe la UNESCO linkalemba m'ndandanda wake woyamba wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse, mizinda imene inalowamo inali Quito ndi Kraków wa ku Poland. Zilumba za Galápagos, zimene mlembi wanu akuthamangira, zinalembedwa chaka chomwecho m'ndandanda womwewo.

Malowa anali ndi anthu kalekale a Inca, eni ufumu waukulu wa ku Peru, asanafike kuchokera kumwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Mfumu yawo Atahualpa itaphedwa ndi Asipanishi otsogozedwa ndi Francisco Pizarro ku Cajamarca, ku Peru, mu 1533, mbiri imanena kuti kazembe wake Rumiñahui anautentha mzindawu kuti adani asapezemo kanthu. Sebastián de Benalcázar anakhazikitsa mzinda wa Asipanishi pa phulusalo pa 6 Disembala 1534, tsiku limene anthu a ku Quito amakondwerera mpaka lero. N'chifukwa chake mlendo sapezamo makoma a miyala a Inca onga a ku Cusco, likulu lawo lakale ku Peru. Chimene amapeza ndi misewu yopapatiza yodutsana mowongoka, yokwera ndi kutsika, nyumba za makonde am'mwamba ndi mabwalo amkati, ndiponso matchalitchi ndi nyumba za ansembe ndi masisitere zochuluka kwambiri pamalo ochepa.

Malo oyambirapo ndi bwalo la Plaza Grande, ndipo ntchito yake ndi kungopeza benchi n'kukhala. Mbali imodzi kuli nyumba ya boma ya Carondelet, mbali ina tchalitchi chachikulu cha dayosizi, kwina nyumba ya akibishopu, kwina likulu la khonsolo ya mzinda. Pakati pali madoda opuma pantchito akuwerenga nyuzi, opolisha nsapato, alaliki ndi ogulitsa timaswiti, ndipo si bwalo lokonzera alendo, ndi la eni mzinda. Chipilala cha pakati pake chimakumbutsa za 10 Ogasiti 1809, pamene akuluakulu ena a ku Quito anachotsa woimira mfumu ya Spain n'kukhazikitsa bungwe lawo lolamulira. Ambiri mwa iwo anaphedwa ali m'ndende pa 2 Ogasiti 1810, m'nyumba ya asilikali imene ili pafupi ndi bwalolo, yomwe lero ndi yosungiramo mbiri imeneyi. Ufulu unadza pa 24 Meyi 1822, pamene Antonio José de Sucre anagonjetsa asilikali a Spain m'mbali mwa phiri la Pichincha lomwelija, anthu a mumzinda akuonerera ali m'munsi, ndipo manda a Sucre ali m'tchalitchi chachikulucho. Pakhonde la nyumba ya boma ndi pamene Pulezidenti Gabriel García Moreno anatemedwa ndi chikwanje ndi kuwomberedwa mu 1875. Kupatula nkhondo ya pa Pichincha, zonsezi zinachitikira pamalo amene munthu wa mutu wopweteka angathe kuyendera osatopa.

Mukayenda pang'ono kuchoka pabwalolo mumafika pa tchalitchi cha La Compañía de Jesús, chimene ansembe a Chijezwiti anayamba kumanga mu 1605 n'kudzamaliza mu 1765, zaka 160. Kunja kwake ndi mwala wotuwa wa mapiri ophulika, wosemedwa kukhala nsanamira zopotana, angelo ndi maluwa. M'kati ndiye munthu amasowa chonena. Makoma, nsanamira, denga ndi maguwa zonse zinasemedwa n'kukutidwa ndi timapepala topyapyala ta golide, ndipo maso amafuna kanthawi kuti azolowere kuwalako asanayambe kusiyanitsa zojambulazo, zomwe zina ndi mizere yolukanalukana imene Asipanishi anatengera kwa Asilamu amene analamulira dziko lawo kwa zaka mazana. Pansi pa guwa lalikulu pali mafupa a Mariana de Jesús, mkazi wa ku Quito amene Mpingo wa Katolika unamutcha woyera mu 1950. Ajezwitiwo sanachidyerere tchalitchi chawo, pakuti mu 1767, patangopita zaka ziwiri chithereni ntchito, mfumu ya Spain inawathamangitsa m'maiko ake onse. Chivomezi cha 1987 chinachiwononga kwambiri, ndipo kuchikonzanso kunatenga zaka zambiri.

Ine ndikuona kuti mlendo wochokera kudziko limene linalawako ulamuliro wa atsamunda sayenera kungoti kukamwa yasa ndi golideyo osafunsa kuti anasema ndani, ananyamula miyala ndani. Yankho likupezeka pa tchalitchi cha San Francisco, chakale kuposa La Compañía, chimene chinayambika patangopita zaka zochepa mzindawu utakhazikitsidwa. Pamenepo wansembe wa ku Flanders (ku Belgium wa lero), Jodoco Ricke, amene amakumbukiridwanso kuti ndiye anayamba kudzala tirigu m'dzikomo, anatsegula ndi anzake sukulu yophunzitsa ana a eni dziko kusema, kujambula ndi kuimba. M'menemo ndimo munachokera luso limene lero limatchedwa Escuela Quiteña, la zifanizo za mtengo zopakidwa utoto mosalala ngati khungu la munthu, za maso agalasi ndi mabala ooneka ngati akutuluka magazi. Mmodzi mwa amisiri ake aakulu, Manuel Chili, wodziwika ndi dzina loti Caspicara, anali mwini dziko weniweni. Koma pambali pa amisiri odziwikawo panali anthu miyandamiyanda amene ankagwira ntchito yokakamizidwa, ena pa zomangamanga, ena m'mafakitale oombera nsalu otchedwa obrajes amene analemeretsa dera lonselo. Otsogolera alendo amakonda kusimba nthano ya Cantuña, mmisiri amene akuti anapangana ndi Satana kuti amumalizire bwalo la patsogolo pa tchalitchicho usiku umodzi, n'kubisa mwala umodzi kuti panganolo lisakwanire ndipo mzimu wake upulumuke. Nthanoyi ndi yokoma, koma ndikanakonda akanamawonjezerapo za anthu enieni amene anagwira ntchitoyo popanda Satana wowathandiza.

Kumwera kwa mzinda wakale kuli kaphiri kozungulira kotchedwa El Panecillo, ndipo pamwamba pake pali chifanizo chachikulu cha aluminiyamu cha Maria Virigo wa mapiko, chomangidwa m'zaka za m'ma 1970 potengera kachifanizo kakang'ono kamene Bernardo de Legarda anasema mu 1734, komwe kakadali m'tchalitchi cha San Francisco. Kumeneko pitani pa takisi, musakwere masitepe wapansi, chifukwa njirayo imadziwika ndi achifwamba. Kumpoto kuli tchalitchi cha Basílica del Voto Nacional, chimene m'malo mwa zilombo zoopsa za pa matchalitchi a ku Ulaya anachikongoletsa ndi zosema za nyama za m'dzikomo, monga akamba ndi abuluzi aakulu a ku Galápagos. Alendo amaloledwa kukwera nsanja zake pa makwerero achitsulo otsetsereka kwambiri, ndipo amenewanso si a tsiku loyamba.

Pa nkhani ya chakudya, m'mimba mumagaya pang'onopang'ono kumtunda, choncho tsiku loyamba ndi la supu. Mwamwayi, supu ndiye luso la anthu a kumapiriko. Locro de papa ndi supu wokhuthala wa mbatatesi wothira tchizi, wodyera limodzi ndi peyala. Masana malo odyera ang'onoang'ono amagulitsa almuerzo pa madola ochepa, ndipo mumakhala supu, mpunga ndi ndiwo, ndi madzi a zipatso monga naranjilla kapena tomate de árbol. Thupi likakhazikika, pitani kumsika kukalawa hornado, nkhumba yathunthu yootcha mu uvuni. Amayi ogulitsa amakhala kumbuyo kwa nkhumbayo, mutu wake ukuyang'ana odutsa, ndipo amabenthula kachikopa kokhuthuka n'kukutambasulirani kuti mulawe musanasankhe kogula. M'mbale amaikamo chimanga chophika chotchedwa mote ndi timakeke ta mbatatesi totchedwa llapingachos. Mbira yootcha, imene amaitcha cuy, ndi chakudya cha pa zikondwerero. Mowa, ngakhale canelazo wotentha wa sinamoni ndi mowa wotchezedwa kuchokera ku nzimbe amene amagulitsidwa usiku mumsewu wa La Ronda, udikire kaye, chifukwa umawonjezera mutu ndipo umasokoneza kapumidwe munthu akagona. Tiyi wa masamba a coca, amene ena amamwa pofuna kuchepetsa soroche, musamuike m'chikwama pobwerera, pakuti ndi woletsedwa m'maiko ambiri.

Ndalama ya ku Ecuador ndi dola ya ku America kuyambira mu 2000, pamene boma linasiya ndalama yake ya sucre mabanki atagwa ndipo dola imodzi itafika pa masucre 25,000. Nyamulani mapepala ang'onoang'ono a 5, 10 ndi 20, chifukwa a 50 ndi 100 ogulitsa ambiri amawakana, ndipo musadabwe kulandira chenji cha makobidi a dola imodzi. Nyengo yake imasinthasintha tsiku lomwelo. Masana kumafunda kufika madigiri pafupifupi 20, usiku kumatsika cha m'ma 10, ndipo mvula, nthawi zina ya matalala, imakonda kugwa madzulo, kupatula miyezi ya Juni mpaka Seputembala pamene kumakhala kouma. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse. Kuzizirako kusakupusitseni: dzuwa la pa ikweta, pamtunda wotere, limawotcha khungu ngakhale lakuda, choncho chipewa ndi mafuta oteteza khungu n'zofunika mofanana ndi juzi.

Ndifike tsopano pa chipilala cha Mitad del Mundo, chimene nkhani yanu inachipatsa tsiku lathunthu. Chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, n'chotalika mamita 30, ndipo chinamalizidwa mu 1982. Alendo amaima pa mzere wachikasu, phazi lina kumpoto kwa dziko lapansi, lina kumwera, koma zipangizo zamakono zoyezera malo zimaonetsa kuti ikweta yeniyeni ikudutsa mamita pafupifupi 240 kumpoto kwa mzerewo, moti mapazi onse awiri amakhala ali kumwera. Zimenezi sizindidandaulitsa kwenikweni. Chimene chimandikhumudwitsa ndi zionetsero za m'malo ena oyandikana nawo, kumene amathira madzi m'beseni n'kuonetsa kuti akuzungulira kwina kumpoto kwa mzere, kwina kumwera, ndiponso amaimika dzira pamutu pa msomali n'kunena kuti zimatheka pa ikweta pokha. Mphamvu ya kuzungulira kwa dziko imene imapotoza mphepo zamkuntho ndi yochepa kwambiri pa madzi a m'beseni, ndipo pa ikweta ndiye palibiretu; madziwo amatsata mmene wothirayo wawapendekera. Dzira lingathe kuima pa msomali kulikonse, bola dzanja lisanjenjemere.

Chonsecho nkhani yeniyeni ya malowa ndi yokoma kuposa masewerawo. Mu 1736 akatswiri a ku France, Louis Godin, Pierre Bouguer ndi Charles-Marie de La Condamine, anafika ku Quito pamodzi ndi asilikali awiri a pamadzi a ku Spain, Jorge Juan ndi Antonio de Ulloa, kudzathetsa mkangano wa maonekedwe a dziko lapansi. Isaac Newton ananena kuti dzikoli n'lotupa pakati ndi lophwatalala kunsonga, pamene akatswiri ena a ku Paris ankati n'losongoka kunsonga. Kwa zaka zingapo anthuwa anakwera mapiri, kugona m'mahema m'chisanu, akuyeza mtunda ndi nyenyezi kuchokera kumpoto kwa Quito mpaka kufupi ndi Cuenca, mothandizidwa ndi katswiri wa m'dzikomo, Pedro Vicente Maldonado. Zimene anapeza zinagwirizana ndi Newton. Kutupa kumeneko ndiko kumachititsa kuti nsonga ya phiri la Chimborazo, ngakhale ili pa mamita pafupifupi 6,260 okha poyerekeza ndi 8,849 a Everest, ikhale malo akutali kwambiri kuchokera pakatikati pa dziko lapansi. Theka la tsiku n'lokwanira pa chipilalacho, ndipo nthawi yotsalayo ingapindule bwino ku Capilla del Hombre, nyumba ya zojambula za Oswaldo Guayasamín imene inatsegulidwa mu 2002, kapena ku msika wa nsalu wa Loweruka ku Otavalo, ulendo wa maola awiri pa basi.

Nkhani yanu sinanenepo kanthu za chitetezo, ndipo kumeneko n'kulakwira owerenga. M'zaka zapitazi dziko la Ecuador lavutika ndi magulu a zigawenga olimbirana madoko otumizira mankhwala osokoneza bongo kunja. Pa 9 Ogasiti 2023, Fernando Villavicencio, amene ankapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, anawomberedwa ku Quito komweko akutuluka pa msonkhano, ndipo mu Januwale 2024 Pulezidenti Daniel Noboa analengeza kuti dzikolo lili pa nkhondo ya m'kati ndi maguluwo. Chiwawa chachikulu chimachitika m'madera a kunyanja monga Guayaquil ndi Esmeraldas, ndipo chimene mlendo amakumana nacho kawirikawiri ku Quito ndi akuba wamba. Njira yawo yodziwika ndi yoti wina amakuthirani chinthu chonyansa pa malaya, wina wooneka waulemu n'kubwera kudzakupukutani, pamene wachitatu akunyamula chikwama. Mukaona zotere pitirizani kuyenda, mukadzipukute nokha m'sitolo. M'mabasi odzaza chikwama chikhale kutsogolo, foni isamatulutsidwe pamsewu popanda chifukwa, ndipo mzinda wakale, umene masana umadzaza anthu ndi apolisi, umachita zii kukada. Takisi ikhale yachikasu yolembetsedwa, ya mita, kapena yoitanidwa ndi a kuhotela.

Kuyenda m'katimo kwapepuka kuyambira mu Disembala 2023, pamene sitima yapansi panthaka inayamba kunyamula anthu kuchokera ku Quitumbe kumwera mpaka ku El Labrador kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 22 wa masiteshoni 15, ndipo imodzi mwa masiteshoniwo ili pa San Francisco penipeni. Malungo kulibe ku Quito chifukwa cha kukwera kwake, koma amene akutsikira ku nkhalango ya Amazon afunse dokotala za mankhwala oteteza malungo ndi katemera wa yellow fever, ndipo malamulo a visa afunsidwe ku ofesi ya kazembe wa Ecuador nthawi ikadalipo. Pogula inshuwalansi ya paulendo, werengani bwino malire ake, chifukwa makampani ena salipira munthu amene wadwala kapena kuvulala atakwera kupyola mamita amene anatchula m'pangano, ndipo malirewo nthawi zina amakhala pansi pa Cruz Loma ndi Cotopaxi. Funsani kuti akulembereni nambala ya mamitawo musanalipire.

Ine wanu mokhulupirika,
Wowerenga wanu wa nthawi zonse